Foni yomwe bambo anu anaikulunga m'kansalu

Imelo inafika Lachiwiri usiku, ndipo ndakhala nayo masiku asanu ndi anayi osayankha. Si ulesi ayi. Mchemwali wina, dzina ndisunga, analemba kuti anagulira bambo ake a zaka 78 foni ya tachi, n'kuwaphunzitsa masiku atatu. Iye atangochoka, bambowo anazula simu khadi n'kuibwezera m'kafoni kawo ka mabatani, yatsopanoyo n'kuikulunga m'kansalu, n'kuiika m'kabati. Akafunsidwa amangoti, "Izi zandipitirira, mwanangu." Funso lake ndi lakuti awakakamize kapena awasiye. Koma kumapeto anawonjezera mzere umodzi umene wandisowetsa tulo: "Munthu wanzeru ngati bambo anga, kanthu kakang'ono chonchi kakuwakanika bwanji?"

Achemwali, mawu omwewo ndinawayankhulapo ine. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mwandilembera kumbali, ine ndinawalavula pamaso pa mwiniwake.

Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anabadwa mu 1939. Ntchito yolembedwa anali nayo, koma chimene anthu ankawadziwa nacho n'kukonza mawayilesi ndi mawotchi. Ndikakumbuka ubwana wanga sindiyamba kuona nkhope yawo. Ndimaona msana, atawerama patebulo, kagalasi kokuzira zinthu katapanidwa m'diso lakumanja, utsi wa mtovu wosungunuka ukukwera pang'onopang'ono, ndi chitini chakale chodzaza zomangira zimene ankati sizitayidwa. Ana tinkaloledwa kuonerera, bola manja akhale kumbuyo. Ukangoti uloze chala, "Iwe! Maso okha."

Wayilesi yoyamba imene anaitsegula ali mnyamata inali ya mavalavu. Ambiri a inu simunaionepo. Chinali chibokosi chathabwa, m'kati muli timababu tagalasi toyenera kuyamba tatentha mawu asanatuluke. Ukaitsegula umadikira, kenako kung'ung'uza, kenako munthu akuyankhula ngati ali pansi pa chitsime. Inkameza magetsi, ndipo ya mabatire inkafuna chibatire cholemera ngati njerwa. Agogo anawazolowera mavalavu aja ngati zala zawo, lakufa ankalidziwa pongosuzumira. Chimene sankadziwa n'chakuti mu Disembala 1947, iwo ali ndi zaka 8 zokha, gulu la John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley ku Bell Labs ku America linali litapanga kale kanthu kodzapha luso lawolo. Kanthuko ndi tiranzisita. Imagwira ntchito yomweyo ya valavu, kukulitsa kamphamvu kofooka kamene eriyo yatola mumlengalenga, koma siidikira kutentha, siisweka chisawawa, ndipo ndi yaing'ono ngati kamwala. Mu 1954 kunatuluka wayilesi ya m'thumba yotchedwa Regency TR-1, ya matiranzisita anayi okha. Chaka chotsatira Sony inatulutsa yake. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, munthu wodziwa mavalavu okha anali ngati wosula makasu opanda wolimira.

Ndiye anatani? Anaphunziranso. Panalibe sukulu, panalibe YouTube. Anapeza wayilesi yakufa, n'kuitsegula, n'kutsatira waya uliwonse ndi nsonga ya pensulo mpaka anamvetsa. Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchisunge, tibwereranso: mawayilesi ambiri akale ankabwera ndi chithunzi cha mawaya ake chomatidwa kuseri kwa chivundikiro. Wopanga ankayembekezera kuti tsiku lina munthu adzatsegula, ndipo ankamusiyira mapu.

Mawotchi nawo anawachita chimodzimodzi. Wotchi yopukusa ili ndi sipuling'i, timagudumu tambirimbiri, ndi kagudumu kamodzi kogwedezeka uku ndi uku kamene kamawerengera nthawi. Zonsezo zimaoneka ndi maso, zimatsukika, zimathiridwa kadontho ka mafuta. Pa 25 Disembala 1969 Seiko inayamba kugulitsa Astron, wotchi yoyamba ya pamkono yoyendera kamwala ka quartz ndi batire. M'mawotchi a mtunduwu masiku ano kamwalako kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi, ndipo wotchi yotchipa imasunga nthawi kuposa yopukusa yapamwamba. Ku Switzerland, kwawo kwa mawotchi, anthu ogwira ntchitoyi anatsika kuchoka pa 90,000 mu 1970 kufika pa 28,000 mu 1988. Ngati zinawagwetsa a ku Switzerland, kuli bwanji nkhalamba yanga ndi kagalasi kake? Wotchi ya batire siifuna mmisiri. Umasintha batire, ikakana umataya. Luso lachiwiri linalowa m'manda mwiniwake ali moyo.

Kenako makaseti. Philips inatulutsa kaseti mu 1963, ntchito ya gulu la Lou Ottens, ndipo agogo anaphunzira malamba a rabara, kupukuta mutu wowerengera ndi thonje, kulumikiza tepi yoduka. Aliyense wa msinkhu wanga akudziwa ubale wa kaseti ndi bolopeni, ine ndinauphunzira patebulo lija. CD inabwera mu 1982. Pang'onopang'ono m'kati mwa zinthu munayamba kupezeka kachipu kakuda kamiyendo yambiri, kopanda cholembedwa chomveka, kosatsegulika. Agogo ankakatcha "kabokosi ka maliro", poti chimene chafera m'menemo sichiukanso.

Tsiku lina ndinakhala pansi n'kulemba zinthu zimene munthu ameneyu anaziphunzira n'kuziona zikufa. Nyali ya palafini ndi kadulidwe ka chingwe chake kuti isafuke. Simbi ya makala. Galamafoni ndi singano zake. Telegalamu. Makina otaipira. Foni ya patebulo yozungulitsa chala. Kamera ya filimu. Makaseti a vidiyo. Nditafika pa khumi ndi zisanu ndinasiya, poti ndinadzifunsa kuti ine pa moyo wanga ndaika m'manda zingati. Kaseti, CD, ndi foni ya mabatani. Zitatu. Ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene ndinkadyerapo.

Tsopano za tsiku lija. Unali 2019, agogo atangokwanitsa zaka 80. Ndinawagulira foni ya tachi kuti tiziimbirana pa vidiyo. Ndinakhala pambali pawo n'kuwaimbira ndi foni yanga kuti ayeseze kuyankha. Kachizindikiro kobiriwira kankafunika kukakoka ndi chala. Iwo ankakadina, n'kugwiritsitsa, monga ankachitira ndi batani lililonse limene anakumana nalo m'zaka 70. Foni ili zii. Kachiwiri. Kachitatu. Kachinayi ndinaitsomphola m'manja mwawo, ndinatsonya, n'kunena kuti, "Agogo, munthu wanzeru ngati inu, kanthu kakang'ono chonchi?"

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi ndaiwala. Anatambasula dzanja, ndinawabwezera foni, anaitembenuza n'kuyang'ana kumbuyo kwake, akuyendetsa chikhadabo m'mphepete.

"Zomangira zili pati?"

"Palibe, agogo. Anamata ndi guluu."

"Nanga batire umalichotsa bwanji?"

"Silichoka."

"Ikafa?"

"Timagula ina."

Anagwedeza mutu. Kenako, mofatsa ndithu, "Iwe wodziwa, tandiuza. Ukayankhula m'menemu, mawu ako amadzera kuti kuti akafike kwa mayi ako?"

Ndinati pa netiweki. Anati netiweki n'chiyani. Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu.

Munthu ameneyu anandifotokozera shortwave, mafunde a wayilesi ofika kutali, ndili ndi zaka 9, atajambula ndi choko pansi. Anajambula dziko lozungulira, pamwamba pake mzere wina wokhota. Anati kumwamba kutalitali kuli mpweya umene dzuwa limaupatsa mphamvu ya magetsi, mafunde a wayilesi akaugunda amabwerera pansi ngati mpira wamenya denga, n'kudumphanso, n'kudumphanso, mpaka kuoloka nyanja. N'chifukwa chake masiteshoni ena akutali amamveka bwino usiku kusiyana ndi masana. Ndi pa wayilesi yotere pamene anamvera, mu Julaye 1969 ali ndi zaka 30, kuti anthu aponda pamwezi. Iwo ankadziwa njira imene mawu a m'wayilesi yawo ankadzera. Ine foni ndimagona nayo pamtsamiro, koma njira ya mawu anga ndinachita kukaiwerenga sabata yomweyo chifukwa cha manyazi: kuti foni imasandutsa mawu kukhala manambala, n'kuwaponyera ku nsanja yapafupi, kuchoka apo n'kuyenda ngati kuwala m'mawaya agalasi opyapyala ngati tsitsi, ena odutsa pansi pa nyanja, mpaka nsanja ya kufupi ndi amene ukumuimbirayo.

Apa ndiye pamene ndikufuna kuumitsa khosi, ndipo amene akwiye akwiye. Ife sitidziwa zipangizozi. Tinangozizolowera. Kuzolowera ndi kudziwa n'zosiyana ngati mlendo ndi mwininyumba. Mwana wa zaka zinayi amene amatsegula yekha YouTube si katswiri, wangoloweza pokhudza, monga nkhuku imalowezera khomo la khola. Ndipo nkhani ija timakonda kunena, yakuti tsobola wakale sawawa, kuti anthu akale ndi zamakono n'zosayenderana, ndi bodza lamkunkhuniza. Anazipanga ndani? Martin Cooper, amene anaimba foni yoyamba ya m'manja mumsewu wa ku New York pa 3 Epulo 1973, ndi chifoni cholemera pafupifupi kilogalamu, anabadwa mu 1928. Ndi wamkulu kwa agogo anga ndi zaka 11. John Goodenough, mmodzi wa atatu amene ntchito yawo inabala batire lili m'foni yanuyo, analandira mphoto ya Nobel mu 2019 ali ndi zaka 97. Tim Berners-Lee, amene analemba maganizo a World Wide Web, masamba a pa intaneti aja, kumalo ofufuzira sayansi a CERN mu 1989, anabadwa mu 1955. M'badwo umene timautsonyawu ndi umene unamanga nyumba imene ife tikudzitama kuti tikudziwa pamene pali switchi.

Chimene chinkachitika m'manja mwa agogo tsiku lija sichinali cha m'mutu n'komwe. Sikirini ya foni ya tachi siimva kulemera kwa chala. Pansi pa galasilo pali ukonde wa timizere tosaoneka tokhala ndi kamphamvu ka magetsi, ndipo chala chikayandikira chimasokoneza kamphamvuko. Khungu louma, lokhuthala, la munthu amene wagwira zitsulo moyo wake wonse, silisokoneza mokwanira, ndiye foni imakhala ngati sinaone kanthu. Munthu akaona kuti sizikutheka amakanikiza kwambiri ndi kuchedwerapo. Koma foni imawerengera nthawi: kukhudza msanga ndi lamulo lina, kukhalitsa pafupifupi theka la sekondi ndi lamulo linanso. Ndiye munthu amene akuyesetsa kwambiri ndi amene amalangidwa kwambiri, zithunzi zimayamba kugwedezeka, zina kusamuka, zina kufunsa ngati akufuna kuzichotsa. Onjezani dzanja lonjenjemera pang'ono. Onjezani maso, amene kuyambira zaka za m'ma 40 amayamba kukana zapafupi kwa aliyense, inu ndi ine tomwe. Onjezani makutu amene amayamba kutaya mawu osongoka, omwe ndi amene mafoni amakonda kulira nawo. Palibe mwa izi chokhudza nzeru.

Ndipo pali china chimene chimandipsetsa mtima ngakhale ine wa zala zonyowa. Batani la voliyumu pa wayilesi ya agogo linakhala pamalo amodzi zaka 30. Ukaliphunzira, waliphunzira. Foni imasintha uli mtulo. Ukagona uthenga uli kumanzere, apudeti yapita usiku, m'mawa uli kumanja ndipo wasintha mtundu. Mu 2013 Apple inachotsa mithunzi ndi mizere imene inkaonetsa kuti ichi ndi batani, zonse zinakhala zosalala, ndipo ena anatsatira. Mu 2017 inachotsa batani lobwerera kusikirini yoyamba pa iPhone X. Mu 2019 Android 10 inabwera ndi kayendetsedwe kokoka chala kuchokera m'mphepete, kopanda chilichonse cholembedwa chokuuza kuti koka apa. Ganizirani mutaphunzitsa munthu njira ya kuchitsime, usiku wina anthu n'kusamutsa chitsimecho, m'mawa inu n'kumuseka kuti wasochera. Mapu aja ankamatidwa kuseri kwa chivundikiro anatha. Chivundikiro chenichenicho chinatha.

Choseketsa n'chakuti tizithunzi ta pafoni ndi ta m'nthawi yawo, osati yathu. Kachizindikiro koimbira ndi chogwirira cha foni ya patebulo. Ka imelo ndi envulopu. Ka zokonzera ndi gudumu la mano, lofanana ndendende ndi a m'wotchi. Pa kompyuta, kosungira ntchito ndi floppy disk, imene Sony inasiya kupanga mu 2011. Mwana wa mchemwali wanga ankayesa kuti kobiriwira koimbira kaja ndi kachilembo C kopendekeka. Agogo anangokayang'ana kamodzi n'kuti, "Aka ndiye ndikukadziwa." Chilichonse pasikirini paja anachigwirapo ndi manja chili chenicheni.

Za mantha nazonso tisawanamizire. Pa wayilesi ukalakwitsa umangomva phokoso, n'kubweza. Kuyambira pamene M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, inayamba ku Kenya mu 2007, n'kufalikira njira zonga iyo m'maiko ambiri, foni inasanduka chikwama. Kudina polakwika tsopano kungatumize ndalama kwa munthu wosamudziwa. Ndipo akuba amasaka okalamba mwadala: uthenga wakuti mwapambana mphoto, foni yakuti mwana wanu ali m'chipatala tumizani msanga, munthu waulemu wodzitcha wa kubanki wopempha nambala yachinsinsi. Masiku ano angathe kutengera ngakhale mawu a mdzukulu ndi makina. Bambo anu akamakana kukhudza chinthu chimene sakuchimvetsa pamene muli ndalama zawo, galu wamkota sakandira pachabe. Anzanga a msinkhu wanga amene anaberedwa pafoni ndi ambiri kuposa okalamba amene ndikuwadziwa, chifukwa ife timadina kaye, kuwerenga pambuyo.

Musaganize kuti ndikunena kuti kale kunali bwino. Ndikanena zimenezo agogo aakazi andithamangitsa ndi chitsulo cha simbi ija.

Iwo anabadwa mu 1944 ndipo sukulu anailekera panjira. Kuwerenga amawerenga movutikira, kulemba ndiye dzina lokha. Agogo aamuna akakhala kutali ndi ntchito, kalata inkatenga masabata, ndipo ikafika ankafunika munthu wowawerengera. Poyankha ankafunikanso wowalembera. Taganizirani zaka zonsezo, mawu onse a kwa mwamuna wanu akudzera m'kamwa mwa mwana wa oyandikana nawo. Anandiuza kuti anaphunzira kunena zanyengo ndi za matenda a ana basi, zina zonse ankazimeza. Telegalamu ndiye ankaiopa, poti inkalipiridwa pa liwu lililonse ndipo munthu sankaitumiza kuti angopereka moni. Ikafika, mtima unkayamba kulira envulopu isanatsegulidwe. Kampani ya ku America ya Western Union inatumiza telegalamu yake yomaliza mu Januwale 2006, India inatseka yake mu Julaye 2013, ndipo agogo aakazi sanagwetsepo msozi.

Meseji ya pafoni sinawathandize. Yoyamba inatumizidwa pa 3 Disembala 1992 ndi mnyamata wa zaka 22, Neil Papworth, ndipo malire ake anali zilembo 160, koma kwa munthu wosalemba, 160 ndi 1,600 n'chimodzimodzi. Anangosintha mlembi, m'malo mwa mwana wa oyandikana nawo anakhala mdzukulu. Chimene chinawamasula ndi kabatani kamodzi kamene WhatsApp inaika mu 2013, kojambulira mawu. Dinani, gwiritsitsani, yankhulani, siyani. Mwaona? Kugwiritsitsa komwe kuja kumene kunkawalakwitsa agogo aamuna, apa ndiye lamulo lake. Foni imene amuna awo anaikana anaitola ndi iwo, anaphunzira tsiku limodzi, ndipo lero amatumiza mauthenga a mphindi zisanu ndi ziwiri, oyamba ndi moni wa munthu aliyense m'nyumba mmodzimmodzi. Mchemwali wawo amene anakhala zaka zambiri akungomvana kudzera mwa ena, tsopano amanong'onezana usiku ngati atsikana. Chipangizo chimodzi, nyumba imodzi: wina chinamulanda, wina chinamubwezera.

Ndinawafunsapo onse awiri, padera, kuti pa zonse zimene zabwera m'moyo wawo chachikulu n'chiti. Ndinkayembekezera intaneti. Agogo aamuna anati wayilesi ya tiranzisita, poti ndi imene inachotsa nkhani za dziko m'nyumba za olemera n'kuziika m'thumba la aliyense. Agogo aakazi sanaganize kawiri. Anati kuwala. Anakumbutsa za mwaye wa m'mphuno m'mawa, za kutsuka galasi la nyali tsiku ndi tsiku, za mwana wodwala usiku palafini atatha. Foni yawo yoyamba inali Nokia 1100, ya mu 2003 ija, imene inagulidwa yoposa 250 miliyoni padziko lonse, ndipo amalumbira kuti ankaikonda chifukwa cha katochi ka pamutu pake kuposa kuimba. Anali ndi mfundo. Babu lakale la waya wotentha limataya mphamvu yoposa magawo 90 pa 100 ngati kutentha chabe. Kuwala kumene linkapereka ndi mawati 60, babu la LED limapereka ndi mawati 9 kapena kuchepera. N'chifukwa chake kasola kakang'ono ngati buku kangawalitse chipinda usiku wonse. Kuwala koyera kumeneku kunatheka Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura atapanga LED ya buluu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo analandira Nobel mu 2014. Akasaki anabadwa mu 1929, ngati mukuwerengerabe.

Zithunzi ndingodutsa, poti zimandiwawa. Filimu inkakhala ya zithunzi 12, 24 kapena 36, ndipo sunkadziwa ngati watsinzina mpaka atatsuka. Agogo aamuna ali ndi chithunzi chimodzi chokha cha unyamata wawo, ndipo aliyense m'banja angachijambule pamtima. Ine m'foni muli masauzande, ndipo foni yanga yam'mbuyomu inafa ndi zaka zitatu za moyo wanga m'kati mwake, mu kabokosi ka maliro kaja.

Chaka chatha ndinawauza kuti maiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2023 lofuna kuti kuyambira 2027 mabatire a zipangizo zonyamula m'manja azitha kuchotsedwa ndi kusinthidwa, ndiponso kuti, mwa lamulo lina, kuyambira kumapeto kwa 2024 mafoni atsopano kumeneko ayenera kukhala ndi khomo limodzi la tchaja, la USB-C. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye achita kukhala pamsonkhano kuti atulukire batire lochoka?"

Nanga bambo anu mutani nawo?

Musawakakamize, ndipo musawalande ka mabatani. Kafoniko kamagwira ntchito imene iwo akufuna, batire limakhala masiku, ndipo chala chimamva kuti chadina. Simu ikhale m'menemo. Ya tachiyo ipatseni ntchito imodzi yokha, imene iwo eni akuifuna, osati imene inu mukuifuna. Afunseni chimene amachisowa. Mwina ndi nkhope za adzukulu, mwina nyimbo zakale, mwina mpira. Chotsani china chilichonse pasikirini yoyamba, kulitsani zilembo, talikitsani nthawi ya kukhudza kokhalitsa m'zokonzera, bwezeretsani mabatani atatu a pansi m'malo mokoka chala, ndipo muwagulire kapensulo ka mutu wa rabara kokhudzira sikirini. Njira yake ailembe okha papepala, m'mawu awo. Za ndalama musaikemo mpaka atapempha. Ndipo pophunzitsa khalirani manja anu. Maso okha.

Chimodzi choti mudziwe: tsiku lina ka mabatani kangadzazime kosawonongeka, chifukwa makampani akuzimitsa manetiweki akale. Singapore inatseka 2G mu 2017, America inatseka 3G mu 2022, Australia mu 2024. Zikadzayandikira kwanuko, kuli mafoni a mabatani oyendera 4G, ndiye palibe chifukwa chowaopsezera nazo.

Koma musanachite zonsezi, apepeseni ngati munatsonya. Ine zinanditengera miyezi inayi. Ndinapita ndi kawayilesi kakufa kamene ndinakapeza mwadala, n'kuwapempha kuti andionetse pamene pafa. Anakatsegula, anakanunkhiza, analoza kanthu kotupa ngati kambiya kakang'ono n'kuti ndi aka. Ananditumiza kukatenga chitini chija. Ndinawotcherera ndekha iwo akundigwira dzanja, ndipo ndinapsa chala kawiri. Sanatsonye. Madzulo ake, wayilesi ikulira, anangoti, "Kabweretse chigalasi chako chija."

Lero ali ndi zaka 86. Ka mabatani kali m'thumba la malaya. Foni ya tachi imene inakhala yawo pamapeto pake imakhala patebulo lokonzera, itatsamira chitini cha zomangira, ndipo Lamlungu madzulo ndimawaimbira pa vidiyo. Amayankha ndi kapensulo. Nthawi zambiri ndimaona chipumi ndi denga. Meseji ikabwera yolembedwa, amatsegula kabati, n'kutulutsa kagalasi ka mawotchi kaja, n'kukapana m'diso lakumanja, n'kuwerama. Sabata yatha anandiuza kuti akayang'anitsitsa nako amaona kuti chilembo chilichonse ndi timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, ndipo akufuna ndikawafufuzire kuti timayatsidwa bwanji kamodzikamodzi. Ndili ndi mpaka Lamlungu.